Mmene Bwerezani Anasiyira Kubwereza

Dzina lakuti Bwerezani sanabadwe nalo, ndipo malemu bambo ake akanalimva akanakanitsitsa kuti amene akunenedwayo si mwana wawo. Mwana amene iwo analera anali woiwala mochititsa manyazi. Ukamutuma mchere ankabwera ndi machesi, ukamutuma machesi ankabwera chimanjamanja n'kuyamba kukufotokozera za galu watsopano wa kugolosale. Bambowo, amene ankamata matayala pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege, anamukoka makutu mpaka dzanja linatopa, kenako anangovomereza kuti mwanayu mutu wake uli kumwamba. Sankanama. Ndege ikangonyamuka kuseri kwa mpandako, chilichonse chimene wamuuza chinkauluka nayo limodzi.

Mutuwo anakaupeza komweko. Achemwali ake, namwino amene ankagwira ntchito kudziko lina lozizira, anamuitanitsa atamaliza sukulu, poona kuti kunyumba angokalamba akuyang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa. Kumeneko anapeza ganyu yotsuka ndege pasukulu ina ya oyendetsa ndege. Anatsuka mapiko, anapukuta magalasi, anakolopa masanzi a ophunzira a makolo olemera, ndipo zonse zimene ankapeza ankazibweza pasukulu pomwepo kuti nayenso azikhalako pampando wakutsogolo. Zinamutengera zaka, koma layisensi yonyamulira anthu ndi katundu pa malipiro anaipeza, n'kuyamba kuuluka ndi kandege ka maphukusi pakati pa matauni ang'onoang'ono.

Matenda oiwala aja anachirira pasukulupo, ndipo sing'anga wake anali mphunzitsi wina, mayi wachikulire amene kumwetulira ankakuona ngati kutaya nthawi. Tsiku lake loyamba kulankhula pa wailesi, a pansanja, aja amene amalondolera ndege mumlengalenga, anamuuza pokwera ndi pokhotera, iye n'kuyankha mwaulemu wonse kuti wamva. Mayi uja anamuvula mahedifoni. Anamuuza kuti "ndamva" ndi mawu a munthu amene akupita kumanda atatenga ndi anzake omwe. Woyendetsa ndege sanena kuti wamva, amabwereza zimene wauzidwa, kuti ngati khutu lapotoza, wapansanja awongole ndege isanakakumane ndi inzake mumtambo. Chiphunzitso chimenechi anachilandira ndi mtima wonse, chifukwa anazindikira kuti mawu akawadutsitsa pakamwa pake amakhazikika, sathawanso. Kuyambira pamenepo sanaiwalenso kanthu, ndipo chizolowezicho anayenda nacho ponseponse, mumlengalenga ndi pansi pomwe.

Kwawo anali atasiya mkazi amene anamukwatira pa tchuthi china, ndi kamwana kakakazi kamene kankamudziwa ngati bambo wa m'foni. Choncho pamene mkulu wina wa kwawoko, mwini tindege tiwiri tonyamula mankhwala ndi madokotala kupita kumadera kumene misewu imafa nthawi ya mvula, anamuuza kuti pali mpando umodzi, sanazengereze. Mwini ndegeyo analankhula mosabisa. Mpandowo ausunga mpaka mvula yoyamba, chifukwa mvula ikangogwa ndege siingakhale pansi kudikira munthu, ndipo panali mnyamata wina wa layisensi ya konkuno amene ankazungulirazungulira pakhomo pa ofesi yake. Chofunika chinali chimodzi basi, kuti layisensi yakunja ija isinthidwe ikhale ya dziko lino. Paja layisensi yakunja ili ngati mlendo pakhomo: amamupatsa moni wabwino ndi mpando, koma kukhitchini salowa.

Bwerezani anabwereza: mpando umodzi, layisensi ya kuno, mvula isanagwe. Inali nyengo yozizira, kumwamba kuli ngwee kopanda ndi kamtambo komwe, ndipo iye anaona kuti nthawi ilipo yoti n'kugawirako ena.

Anabwerera kwawo, ndipo podikira ntchito, banjalo linakhala m'kanyumba ka kuseri kwa apongozi ake. Shati yoyera ya mizere pamapewa anaipachika kuseri kwa chitseko, ili m'pulasitiki, kudikira tsiku lake. Mkazi wake anali ndi saluni pafupi ndi msika, ndipo ndiye anali woyamba kulawa chizolowezi chija. M'mawa wina akutuluka anamuponyera mawu chakumbuyo, monga amachitira akazi amene anazolowera kulankhula ndi khoma: akagule shuga, sopo wochapira ndi mafuta a mwana, ndipo asakadutse kwa anzake.

"Shuga, sopo wochapira, mafuta a mwana, osadutsa kwa anzanga," anatero mwamunayo atakhala tsonga.

Mkaziyo anaseka mpaka anagwira chitseko. Koma madzulo anapeza zonse zili patebulo, sopo ali wochapiradi osati wosambira, ndipo mumtima anakondwa kwambiri. Kusaluni ankamva tsiku ndi tsiku za amuna amene umawauza chinthu iwo n'kuyankha ndi mphuno. Iye anali ndi mwamuna amene ankalandira mawu ake ndi manja awiri n'kumuonetsa kuti awa, ndawasunga. Ananenako kwa makasitomala ake, modzitama koma mokhala ngati akudandaula, ndipo dzina lakuti Bwerezani linabadwira pamenepo, pansi pa choumitsira tsitsi.

Apongozi ake aamuna sanaseke. Anali kalaliki wa kukhoti wopuma pantchito, munthu amene anakhala moyo wake wonse akumvera ena akulankhula, ndipo tsopano inali nthawi yawo. Anamuitana mkamwini pakhonde kuti amuuze malamulo a pakhomo. Anayambira kutali, mmene anapezera malowo kuli thengo lokhalokha, mmene anamangira mpanda, za ana a masiku ano, za anthu owononga madzi, anadutsako m'Baibulo pang'ono, n'kudzatera tiyi atazizira kalekale. Mkamwini anamvetsera bwinobwino, kenako anati:

"Geti litsekedwe kusanade, mpopi wakuseri ndi wa maluwa, wailesi isamveke Lamlungu masana."

Zinali zoona, ndipo n'chimene chinapweteka. Ulaliki wa madzulo onse unatsala timinga titatu ngati nsomba imene yakumana ndi mphaka. Akuluwo anaitana mwana wawo n'kumufunsa ngati kunjako anawatumizira mkamwini kapena chinkhwe.

Ofesi ya malayisensi inali pansanjika yachitatu ya nyumba ina yakale. Chikepe chake chinafa kalekale, ndipo pakhomo pake anaikapo mphika wa maluwa kuti anthu asiye kufunsa. Ukamaliza masitepe unkapeza khonde lalitali, benchi ya matabwa yosalala chifukwa cha matako a anthu odikira, ndi zenera lagalasi lokhala ndi kabowo kolankhulirapo, kamene anakaboola m'munsi kwambiri moti aliyense ankalankhula atawerama, afune asafune. Kuseri kwa galasilo kunkakhala a Chidindo. Anthu ankawatchula choncho chifukwa chidindo cha ofesiyo ankayenda nacho m'thumba la jekete, ngakhale popita kuchimbudzi. Pa unyamata wawo anagwirako ntchito pansanja, ndipo akuti anali katswiri, koma anakwezedwa pantchito mpaka anafika pamalo pomwe ndege ankangoziona pa kalendala.

A Chidindo analandira mapepala a Bwerezani ndi zala ziwiri. Layisensi yakunja ija anaitembenuza uku ndi uku, anaiunika kuzenera, anatsala pang'ono kuinunkhiza. Kenako anafotokoza njira yake. Ofesiyo ilemba kalata yopita kunja kufunsa ngati layisensiyo ndi yeniyeni, ikayankhidwa dokotala amupime, akachoka apo alembe mayeso a malamulo a mumlengalenga, ayesedwe za pa wailesi, pomaliza akwere ndege ndi woyesa akaonetse kuti amaidziwadi. Anatsiriza ndi mawu amene ankatsirizira nawo munthu aliyense.

"Mubwere Lachinayi, mupeza kalata yanu yapita."

"Ndibwere Lachinayi, ndipeza kalata yanga yapita," anatero Bwerezani momveka bwino, poti pa wailesi sanong'ona.

Benchi yonse inatukula mitu. Pamalo amenewo aliyense ankadziwa kuti Lachinayi la a Chidindo silinali tsiku, linali njira yotsanzikana, monga mmene munthu amanenera kuti tionana. Mawu otere amanenedwa kuti apite ndi mphepo. Koma mnyamata uyu anawawakha m'mwamba, anawabweza pansi, n'kuwaimika pagulu atasanduka lonjezo lokhala ndi mboni. A Chidindo anavula magalasi pang'onopang'ono. Anafunsa ngati iwo ali ndi chibwibwi kuti mawu awo afunike womasulira. Bwerezani anayankha ndi mtima woyera kuti ayi, alibe chibwibwi, sakufunika womasulira. Wina pabenchi anatsokomola pofuna kubisa chiseko.

Lachinayi anabweradi, chomwe chinali chipongwe chachiwiri. Kalata inali isanapite. Anauzidwa kuti makina osindikizira alibe inki, iye anabwereza kuti makina osindikizira alibe inki, ndipo mayi mlembi wa m'katimo, amene panthawiyo ankasindikiza makadi a ukwati wa mng'ono wake, anazimitsa makinawo mofulumira. Ulendo wina anauzidwa kuti fayilo yake ili patebulo la abwana aakulu. Anabwereza, akuiona fayiloyo ndi maso ake itatsamiritsa zenera lakumbuyo kuti lisatsekeke ndi mphepo. Sankanyoza ayi. Ankangochita zimene anthu amachita akafuna kuti pasafe munthu. Koma bodza laling'ono la mu ofesi lili ngati kabudula wam'kati: aliyense amadziwa kuti alipo, koma palibe amene amafuna kuti umuyanikire pamsewu.

Kuzizira kunatha, kunabwera mphepo ya fumbi, kenako kutentha. Fayilo sinasunthe. Mwini ndege ankaimba foni mwa apo ndi apo, moni wake ukufupikirafupikira. Bwerezani anayamba kudzuka m'mawa n'kuyang'ana kumwamba, osatinso mwachikondi ngati kale, koma mwamantha. Nkhawa inamugwira, anayamba kuonda, ndipo chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti sankadziwa chimene walakwa. Mapepala ake onse anali bwino, ankafika pa nthawi yake, moni ankapereka kwa aliyense kuyambira kwa mlonda.

Amene anamutsina khutu ndi mkazi wake. Mlembi wa ku ofesi uja anabwera kusaluni kudzakonzetsa tsitsi la ukwati, ndipo mutu uli m'beseni anafotokoza za mnyamata wina wodzimva amene anapita kunja n'kubwerako akutsanzira akuluakulu mawu pagulu. Anati abwana alumbira kuti fayilo yake idzasuntha tsiku limene mwini wake adzaphunzire ulemu. Mkazi wa Bwerezani anamutsuka mutu mayiyo mpaka kumaliza, osaulula kuti wodzimvayo amamuchapira malaya ndi iyeyo.

Madzulo nkhani inafika pakhonde, ndipo apongozi sanabise chimwemwe chawo. Anati iwo ananeneratu: ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Mkamwini anaphunzira kulankhula ndi mitambo, tsopano aphunzire kulankhula ndi anthu, ndipo mphunzitsi alipo, waulere. Bwerezani anayesa kufotokoza za mayi wosaseka uja ndi za ndege ziwiri mumtambo umodzi, koma mkazi wake anamudula.

"Amuna anga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Layisensi tikuifuna ndife, osati iwowo. Ingosiyani kaye kubwerezako mpaka tiipeze."

Sukulu inatsegulidwa pakhonde pomwepo. Apongozi ankakhala pampando wawo wa ndalema, ndodo ili m'manja, n'kumasewera ngati bwana. Ankanena chinthu, ndipo mkamwini akangoyamba kubwereza, ndodo inkagunda pansi. Yankho loyenera linali limodzi, "Ndamva, bwana, zikomo kwambiri, bwana," maso ali pa nsapato, mutu utapendekeka pang'ono. Anamuphunzitsa kuseka nthabwala isanathe, kuthokoza akakanidwa, ndi kupepesa akapondedwa. Koma phunziro lalikulu linali lakuti kwa bwana sumvera mawu. Mawu ndi makoko chabe. Umamvera kamvekedwe kake, ngati lero wadzuka bwino, ngati wakwiya, ngati akufuna kutamandidwa. Apongoziwo anati anakhala m'khoti mpaka kupuma osasunga liwu limodzi la woweruza aliyense, koma sanalakwitsepo nthawi yogwedeza mutu.

Zinali zowawa. Masiku oyamba Bwerezani ankadziluma lilime kwenikweni, mawu akukankha mano kufuna kutuluka. Ankamva ngati akuyendetsa ndege atatseka maso. Koma munthu amene anaphunzira kuteretsa ndege pamphepo yopingasa sangalephere kugwedeza mutu. Patapita masabata "ndamva, bwana" inayamba kutuluka yokha, yosalala ngati benchi ija, ndipo mwakachetechete matenda akale anabwerera. Anatumidwa sopo wochapira, anabwera ndi wosambira. Anatumidwa kukatenga mwana kusukulu ya mkaka, anakapezeka ataima pamsika, osadziwa chimene wadzera.

Mkazi wake ankaona zonsezi. Madzulo ena anamufotokozera za kasitomala amene anamunyoza, za msana umene unkamupweteka chifukwa choima tsiku lonse, za lendi ya saluni, ndipo atamaliza mwamunayo anapendeketsa mutu n'kuyankha kuti wamva. Mkaziyo anamva kusungulumwa kumene sanakumvepo ngakhale nthawi ija mwamuna wake anali m'foni. Koma anameza. Anati zimenezo adzakonza layisensi ikapezeka.

Ku ofesi sukulu ya pakhonde inabala zipatso. Tsiku limene Bwerezani anawerama pakabowo kaja, nauzidwa kuti abwere Lachinayi, n'kuyankha kuti wamva bwana, zikomo kwambiri bwana, a Chidindo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja n'kuchotsa fayilo ija pazenera. Zenera linatsekeka ndi mphepo. Kalata inapita, ndipo yankho lakunja linabwera mawa lake lomwe, zomwe a Chidindo anati zikusonyeza kuti kumeneko anthu alibe zochita. Dokotala anamupima maso, mtima ndi makutu, n'kuyamikira kuti makutu akuthwa chonchi sanawaonepo. Pa mayeso a malamulo anapeza kuti ndi malamulo omwe aja anaphunzira kunja, kungoti buku la kuno linali ndi chikuto chobiriwira, ndipo anakhoza. A Chidindo anayamba kumutchula kuti mwana wanga. Tsiku lina anamuuza pamaso pa benchi yonse kuti tsopano ndiye wafika kwawo, ndipo iye anathokoza maso ali pa nsapato.

Apa n'kuti kutentha kwafika poti phula la mumsewu likumata nsapato. Madzulo aliwonse mitambo inkaunjikana, n'kung'anima, n'kubalalikanso. Mwini ndege anati ndege ndi woyesa wake ali okonzeka. Akangokhoza za pa wailesi, mawa lake akwera kukaonetsa luso, ndipo mpando ndi wake. Mayeso a pa wailesiwo Bwerezani sankawaopa n'komwe, poti amenewo ndiwo anali kwawo kwenikweni. Sanatsegule ndi buku lomwe. Mkazi wake anatulutsa shati ija m'pulasitiki, anaisita, n'kuibwezeramo.

Tsikulo litafika mwamunayo anauzidwa kuti woyesa za pa wailesi anapita kunja kukaphunzira mmene anzathu amayesera za pa wailesi, ndipo amene akugwirizira mpando wake ndi a Chidindo, poti mu ofesi yonse ndi iwo okha amene anakhalapo pansanja. Bwerezani anaona kuti mwayi wamugwera. Munthu sangagwe m'manja mwa amene amamutchula kuti mwana wanga.

Chipinda choyesera chinalinso chosungiramo katundu. Pakona panali mipando yothyoka itasanjikizana, fani yopanda mapiko, ndi mapu otuwa pakhoma. Pakati panali tebulo logawidwa ndi thabwa kuti woyesa ndi woyesedwa asaonane, ndi mahedifoni awiri olumikizidwa ndi waya womatidwa tepi. A Chidindo anavula jekete, chinthu chimene munthu anali asanachionepo, n'kuvala mahedifoni. Nkhope yawo inasintha. Mapewa anawongoka, maso anawala, ndipo kwa kanthawi Bwerezani anaona mnyamata uja amene ankatsitsa ndege pakati pa mkuntho. Kenako anakhala pansi, thabwa linawabisa.

Mawu anabwera m'makutu m'chilankhulo chija cha pa wailesi chimene n'chimodzi dziko lonse lapansi, achangu, omveka, opanda Lachinayi m'kati. Anatchula ndege yake, anamuuza kuti atsike kufika mafiti zikwi zinayi, akhotere kumanzere, ndipo asatere kaye chifukwa pansi pali inzake.

Koma anali mawu a a Chidindo. Makutu akuthwa aja anachita zimene anaphunzira pakhonde. Anamva kuti abwana lero adzuka bwino, kuti akusangalala, kuti akufunika kuyamikiridwa. Mutu unapendekeka wokha, maso anatsikira pa nsapato.

"Ndamva, bwana. Zikomo kwambiri, bwana."

Bwerezani anadziwa nthawi yomweyo chimene wachita, ndipo nkhope ya mayi wosaseka uja inamubwerera. Kuseri kwa thabwa a Chidindo anatsokomola, ndipo mwachifundo chimene malamulo sankawakakamiza, anamuuza kuti abwereze zimene wauzidwa. Bwerezani anatsegula pakamwa koma munalibe kanthu. Mawu anali atauluka, monga mchere ndi machesi akale aja. Anatolera zimene anatha: anati atsika kufika zikwi zitatu, akhotera kumanja, atera.

A Chidindo anavula mahedifoni, anazungulira thabwa, n'kudzaima patsogolo pake. Sanali okondwa ngakhale pang'ono. Anali okhumudwa zenizeni, monga kholo limene mwana wake walichititsa manyazi.

"Mwana wanga, mwapha anthu. Ndege ziwiri, zonse zapsa. Kodi kunjako amakuphunzitsani chiyani? Woyendetsa ndege amati 'ndamva'? Palibe anakuuzani kuti amabwereza?" Anapukusa mutu akuvala jekete. "Anthu amatinena kuti timavutitsa a malayisensi akunja. Akanabwera adzaone okha miyoyo imene timapulumutsa muno. Mubwereza mayesowa. Woyesa akabwerako, mvula ikatha."

Panali zambiri zoti Bwerezani anene, ndipo zinafika pakhosi zonse nthawi imodzi: Lachinayi, inki, fayilo ya pazenera, ndodo ya pakhonde. Akanatha kuwafunsa akuluwa kuti kodi anamulanda ndani chinthu chimene akumufunsa lerochi. Anapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wake. Anatsegula pakamwa kachiwiri, ndipo chinatuluka n'chimene anachiphunzira bwino koposa chaka chimenecho.

"Ndamva, bwana."

Akutsika masitepe anamva fungo la fumbi lonyowa. Pofika pansi, pamphika wa maluwa paja, mvula inali itayamba, madontho akuluakulu, anthu mumsewu akuthamanga uku akuseka. Foni ya mwini ndege sinachedwe. Anali munthu wabwino ndipo anapepesa, koma anati odwala sadikira. Bwerezani anayenda wapansi mpaka kunyumba osabisala, akulira mokweza, anthu amene anathawira m'makhonde a masitolo akumuyesa woledzera.

Apongozi anali pakhonde atakokera mpando m'kati. Atamva kuti walephera anafunsa funso limodzi lokha, ngati anathokoza. Atauzidwa kuti anathokoza, anati ndiye palibe chimene walakwa, pamenepo pali kaduka basi.

M'kanyumba ka kuseri denga linkadontha, ndipo mkazi wake anali akutchera mabeseni. Madontho ena ankagwera pa pulasitiki ya shati ija. Anamumvetsera mwamuna wake mpaka kumapeto, n'kumupatsa thaulo. Anakhala m'mphepete mwa bedi nthawi ndithu akuyang'ana madzi, ndipo chisoni chake chinali chosakanikirana ndi manyazi, poti anakumbukira amene ananena kuti ingosiyani kaye. Kenako analankhula ndi mawu ake a masiku onse, a ntchito.

"Mawa mukalembetse mayeso enawo. Mukatero mupite kwa mwini ndege, mukapemphe zotsuka ndege mpaka mvula ithe, kuti muzikhala pafupi. Pobwera mugule shuga."

"Ndamva," anatero iye mutu uli m'thaulo.

Mkaziyo anamulanda thaulolo.

"'Ndamva' yanuyo muzikawapatsa a ku ofesi ndi ababa pakhonde. M'nyumba muno ayi. Ine ndinali ndi mwamuna womva." Kenako anati, "Bwerezani."

Mwamunayo sanadziwe ngati akumuitana dzina, kapena akunena za mayeso, kapena za mawu amene wangouzidwa kumene. Anachotsa maso pa nsapato zake zonyowa, zomwe zinamutengera mphamvu kuposa mmene ankaganizira, n'kumuyang'ana mkazi wake kumaso. Anafufuza m'mutu pang'onopang'ono.

"Ndikalembetse mayeso enawo. Ndipite kwa mwini ndege, ndikapemphe zotsuka mpaka mvula ithe, ndizikhala pafupi."

"Mwasiya shuga."

"Ndi shuga," anatero, ndipo mkaziyo anakankha beseni ndi phazi, poti denga linali litayamba kudonthanso pena.